Migolo Itatu ya Kanyimbi

Kalekale, nyama zikadayankhula, Kanyimbi anali ndi fakitale ya mankhwala kumtunda kwa mtsinje. Masiku amenewo analibe fungo, anali bwana wa ubweya wosalala. Ankaphika zinthu zitatu m'migolo itatu: utoto woyera umene ankagula Mbidzi, guluu womatira mabwato, ndi mankhwala ophera anankafumbwe m'nkhokwe. Malonda ankayenda. Koma madzi otsukira migolo ankawakhuthulira mumtsinje, ndipo kumunsi kunali dziwe la Mai Chule ndi ana awo, ambululu.

Atatsuka mgolo wa utoto, ana ena anayandama chagada. Mai Chule anapita kukadandaula.

"Bwana, ana anga akutha."

"Utoto supha, mayi. Mumabereka ambiri, mubereka ena."

Atatsuka wa guluu, enanso anamatika kukamwa, nafa. Mai Chule anapitanso.

"Bwana, ana anga akutha."

"Guluu sapha, mayi. Mumabereka ambiri, mubereka ena."

Atatsuka wa anankafumbwe, kunatsala mwana mmodzi yekha, naye akupuma movutikira. Mtima wa mayiyu unawawa, misozi inauma. Ulendo uno anapita akumwetulira.

"Bwana, ndabwera kudzathokoza. Mankhwala anu atatu akumana m'dziwe mwanga, apanga wachinayi. Wosambamo amawala ngati mwezi. A Mkango akuti agula dziwe lonse."

"Agula kwa ndani? Mankhwalawo ndi anga!"

"Ndi anu ndithu, bwana. Koma mwini malonda amayamba wayesa yekha."

Dyera lilibe maso, anthuni. Kanyimbi anathamanga, nadziponya m'dziwemo, phava! Utoto unamulemba mizere kumsana. Guluu anaimata mizereyo mpaka kalekale. Mankhwala a anankafumbwe analowa m'khungu, natulutsa fungo loti ngakhale Fisi anatseka mphuno.

"Mayi, ndisambe kuti?" analira motero.

"Mtsinje ndi womwewu, bwana. Wina tilibe."

Ogula onse anathawa, fakitale inamera udzu, madzi anayera. Kamwana kaja kanapona, koma kanakula ndi khungu la zotupatupa, ndipo ana ake onse amabadwa choncho. Mai Chule sanasangalale. Mvula ikagwa amaitanabe ana awo aja, mmodzimmodzi, ndipo palibe woyankha.

Kaphuleni mbatata zanu zisanapserere, nthano yanga yathera apa. Wopanga mankhwala azidziwa kumene zotsukira zake zikupita, chifukwa kumunsi kwa mtsinje kumakhalanso ana a eni.