Mavitamini Operewera a Che Jafali

Swala ya masana itangotha, Che Jafali Mbwana, mwini fakitale ya mavitamini ku Limbe, anaimitsa galimoto yake pa mzikiti wa ku Ntaja. Anapeza Shehe Twaibu ali pakhonde, akusoka mkeka wong'ambika. Analonjerana, koma mkulu wamalondayo anakana kukhala pansi. Mtima unali m'mwamba.

"Shehe, boma landichititsa manyazi," anatero. "Oyeza mankhwala anatenga mabotolo anga, akuti mavitamini ali m'mapiritsimo ndi theka chabe la zomwe ndinalemba kunja. Katundu alanda, fakitale atseka, Lolemba ndikaonekera kukhothi. Ine amene ndinafolera mzikiti uno! Kodi wafa ndani? Si poizoni ayi, n'zoperewera pang'ono basi. Mundichitire dua, mundipempherere kuti mlanduwu uzizire."

Shehe anabaya singano pamkeka, namwetulira.

"Ndikuchitirani ndi mtima wonse, Che Jafali. Koma lero ndatopa. Ndinena theka la dua, kenako ndikuuzani kuti ndamaliza yonse."

"Aa, Shehe! Theka lindithandiza chiyani?"

"Simufa nalo. Si poizoni ayi."

Che Jafali anayasama. Anafuna kukwiya, koma chomwe chinatuluka ndi phwete, mpaka kofia inapendekeka. Anakhala pa mkeka womwewo.

"Mwandigwira, Shehe," anatero akupukuta misozi ya kuseka. Kenako nkhope inagwa. "Komatu ndili ndi mantha. Dzina langa lathera pomwepa. Nditani?"

"Mayi woyembekezera akauzidwa kuchipatala kuti magazi achepa, amagula botolo lanu," Shehe anayankha modekha. "Alibe makina oyezera. Ali ndi mawu anu okha, omwe munamata pabotolopo. Amameza piritsi n'kumadikira mphamvu zomwe simunaikemo."

Che Jafali anazyolika.

"Tsono Lolemba mukavomere, chilango mulandire, mabotolo mukadzaze monga munalembera. Ndipo oyezawo musawatukwane, muwathokoze. Akuyezani mukadali ndi manja oti n'kuwonjezera. Sikelo ya Allah ikubwera, m'bale wanga, ndipo kumeneko munthu sabwerera kufakitale kukadzaza zomwe zinaperewera."