Tonde Amene Anameta Ndevu

M'khola lina munali mbuzi ziwiri zamapasa, tonde Chindevu ndi mlongo wake Kachepa, ndipo zinkakangana za ukalamba. Chindevu anakula, anamera nyanga ndi ndevu, mano n'kuyamba kugwedera. Koma Kachepa, eee, zaka zisanu ndi zitatu zinatha akadali kamwana ndithu, ubweya uli see! Mbuzi zinzake zinali zisanaonepo zotere.

Chindevu ankaopa imfa mpaka udzu unasiya kumukomera.

"Mlongo wanga, undipatseko mankhwala akowo," anatero. "Ine kufa sindikufuna."

"Mankhwala atinso, achimwene? Ndinangobadwa chonchi. Masamba a m'mwamba sindifikira, mwana sindinaberekepo. Mukusirira chiyani pamenepa?"

"Ukundimana, kamfiti iwe! Chabwino, ndidzikonza ndekha."

Anayambadi! Anaitana makoswe, namumeta ndevu zonse. Nyanga anazikhula pamwala mpaka kunatsala tizitsa. Kenaka, tangoganizani, mbuzi yoopa madzi ija inalowa mumtsinje phava, kukatsuka fungo lautonde! Pobwera uko anayamba kudumpha pachulu ndi tiana, mawondo akumuwawa koma osaulula.

"Wandiona?" anadzitama kwa Kachepa. "Imfa ikabwera kudzafuna nkhalamba, indipitirira."

Sabata isanathe, pamudzipo panafika alendo. Mwini khola anatuma mkamwini wake watsopano, amene mbuzizo sankazidziwa n'komwe.

"Tonde wandevu mumusiye, ndi wambewu, nyama yakenso ndi yolimba ngati chikopa," anatero mpongoziyo. "Mugwire yanthete, yonenepa bwino."

Mkamwini analowa m'khola ndi chingwe. Anayang'ana wandevu, osamuona, n'kungoganiza kuti watsalira kutchire. Ananyamula Kachepa n'kumutsitsa. "Aka ndi mafupa okhaokha." Potembenuka, maso ake anagwera pa mbuzi yosalala, yopanda fungo, ikudumphadumpha pakati pa tiana.

Chingwe m'khosi kwe!

"Ndine nkhalamba ine!" anakuwa Chindevu. "Taonani mano angawa! Kachepa, auze zaka zanga!"

Kachepa analira mpaka mawu kusasa, koma mkamwini anangomva mee, mee. Anamukoka Chindevu kupita naye kuseri kwa nkhokwe. Masana amenewo alendo anatafuna, kutafuna, mpaka nsagwada kuwawa, akudabwa kuti mbuzi yanthete ingalimbe bwanji chonchi.

Phunziro: Landira msinkhu wako. Wothawa ukalamba saithawa imfa, nthawi zina amachita kuichingamira panjira.