Chidule cha Darrell pa Phiri la Mkungudza

M'khitchini mwa Darrell Hoskins, kuseri kwa chitseko, munkakhala nsapato zake zothamangira zodzaza fumbi, ndi za mkazi wake Marlene zomwe zinali zisanapondepo dothi. Maso a Marlene ankafooka, ndipo dokotala anamuuza mosapita m'mbali kuti pofika chaka chamawa sadzaonanso patali. Mayiyo anangopempha chinthu chimodzi: masamba akayamba kufiira mu Okutobala, akwere Phiri la Mkungudza, akakhale pabenchi ya pamwamba, aone chigwa komaliza.

Njira ya paphiripo imakhota kasanu ndi kawiri, kuti madzi a mvula asatsike ndi ukali komanso kuti wamiyendo yofooka athe kukwera. Darrell ankathamanga mmenemo m'mawa uliwonse, koma kukhotako ankadana nako. Mlamu wake ankamuposa ndi mphindi ziwiri pofika pamwamba, ndipo timphindi timeneti tinkamusowetsa mtendere munthu wa imvi zake. Anayamba kudula pokhota pachinayi, n'kumalunjika m'maudzu.

Noreen Tafoya, mayi wachikulire wodzipereka kusamalira njirayo, anatchinga chidulecho ndi nthambi. Darrell anazikankhira kumbali. Tsiku lachitatu anamupeza mayiyo ataima pomwepo, fosholo ili m'manja.

"Bambo Hoskins, phirili lakulakwirani chiyani? Pamene padutsa phazi, mvula imatsata pomwepo."

"Ndi mapazi awiri okha, Mayi Noreen. Mukundiyesa ng'ombe?"

"Ng'ombe ikanamva kale," anatero mayiyo, akubwezera nthambi zija.

Mawuwo analowera khutu lina n'kutulukira linzake. Udzu unafa, kanjira kanayera. Darrell anamuposadi mlamu wake, ndipo anaikamba nkhaniyo patebulo mpaka anthu kutopa nayo.

Tsiku lopangana kukwera phiri ndi Marlene linali Lamulungu. Lachisanu ndi Loweruka kunagwa chimvula chosalola munthu kutuluka. Madzi sanafune kupemphedwa: anatsata kanjira ka Darrell, nakumba chigwembe chofika m'chiuno, n'kukokolola njira malo atatu.

Lamulungulo kunacha bwino. Marlene anavala nsapato zake zatsopano, nagwira mkono wa mwamuna wake. Patsinde pa phiri anapeza chingwe chitamangidwa, chikwangwani chili lendee.

"Darrell, tandiwerengera. Zilembozi zikungondisokonekera."

"Akuti njira yatsekedwa mpaka Meyi."

Noreen anali chapomwepo akukokera miyala. Anangomuyang'ana Darrell kamodzi n'kupitiriza ntchito.

Marlene anaima kanthawi, kamphepo kakumuwomba kumaso. "Palibe kanthu," anatero. "Iwe wakhala ukufikako tsiku ndi tsiku. Tandiuza, chigwa chikuoneka bwanji chaka chino? Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ija yachita chikasu? Nanga khola lofiira lija lidakalipo?"

Darrell anatsegula pakamwa, koma m'mutu mwake munalibe mtengo, mtsinje kapena khola. Munangodzaza manambala a pawotchi. Miyezi yonseyi ankati akakhudza benchi ija, maso pamkono, n'kutembenuka.

"Sindinayang'ane, Marlene. Ndiponso amene anadula njirayi ndine."

Mkazi wake sanakweze mawu. Anamasula dzanja lake pamkono paja, nayang'ana kumwamba kwa phiri, kumene ankangoona nkhungu yofiirira.

"Tiye kunyumba," anatero.

Munthu wakwera phiri kambirimbiri, koma walephera kubweretsa ngakhale mtundu wa tsamba limodzi. Akuluakulu sananame: kuthamanga si kufika.