Gitala ya Likongwe pa Maliro a Mnzake

Panali munthu wina ku Bangwe, dzina lake Likongwe, katswiri wa gitala. Ankaimba jazi, koma mtima wake unali pa zija amati bulusi, nyimbo zoyenda pang'onopang'ono, zodandaula. Ine ndinamumva ndi makutu angawa, ndipo ndikunenetsa kuti sindinamvenso wina wonga iye. Oimba ambiri zala zawo zimathamanga kuti tiwaombere m'manja. Likongwe ankakhudza nsambo imodzi, n'kuikankhira m'mwamba ndi chala mpaka ilire ngati munthu, kenako n'kuisiya kuti mawuwo azilale okha. Akamaimba sankayang'ana anthu, sankagwedeza mapewa. Ankangowerama, khutu lili pafupi ndi thabwa la gitalayo.

Likongweyo anali ndi mnzake wa ponda apa nane mpondepo, Chimwaza, woimba lipenga lopindika lija lotchedwa sakisofoni. Awiriwa anamerera imvi limodzi m'mabandi a m'mahotela a ku Limbe ndi ku Blantyre. Kaimbidwe kawo kanali kocheza: gitala ifunse, lipenga liyankhe. Panali nyimbo ina yopanda mawu, yopandanso dzina, imene ankaikonda kuposa zonse. Ankaiyeserera masana pakhonde pa Chimwaza, mkazi wake Nasibeko ali kuseri akuchapa. Nthawi zina mayiyo ankawakuwira kuti, "Kodi abambo inu, nyimbo ndi yomweyomweyo? Zina zinatha?" Iwo ankangoseka n'kuyambiranso.

Tsiku lina Chimwaza anagwa pa siteji ya minibasi. Pofika naye kuchipatala n'kuti atatsirizika kale.

Anthu anaika masamba pamsewu, amayi anadzaza m'nyumba ya siwa, kulira kunamveka mpaka kumsika. Koma Nasibeko sanalire. Anakhala tsonga pamphasa pafupi ndi bokosi, maso ali gwa. Odzamupepesa ankangowayankha kuti zikomo. Sikuti analibe chisoni, ayi. Chisoni chinamulowa chonse nthawi imodzi n'kumutseka pakhosi, monga mmene chimanga chimatsekera chigayo ukachikhuthula thumba lonse kamodzi.

Inu mukudziwa mmene timachitira pamaliro, tisanamizane. Pakamwa timalira, koma diso lili pa namfedwa, kuona ngati akulira mokwana. Akuchimuna anafika kuchokera ku Ntcheu, patsogolo pali mchemwali wake wa malemu, mayi wa lilime lakuthwa. Analowa, namuyang'ana mlamu wakeyo, natulukanso.

"Mwamuona? Ngakhale kamsozi kamodzi!" anatero kwa abale ake. "Munthu wabwinobwino n'kungogwa pamsewu, osadwala? Uyu akudziwapo kanthu."

Mawuwo anayenda kuchokera kukhitchini mpaka kumabenchi a amuna. Pofika m'mawa wa tsiku loika maliro, akuchimuna anali atamanga kale mfundo: akangobwerako kumanda, mkaziyo alongedze zovala zake, nyumba aisiye. Ndipo Nasibeko analibe kwina kolowera, poti makolo ake anatha kalekale.

Omufunira zabwino anayesetsa ndithu. Amayi a mpingo anamunong'oneza kuti, "Lirani mayi, ngakhale mongonamizira, anthu akukuonani." Wina anamuwerengera vesi. Mayi wina wamasiye anamufotokozera mwatsatanetsatane mmene mwamuna wake nayenso anamwalirira. Uyu akuti limbani mtima, uyo akuti musaumire mtima choncho. Kwaya inaimba mpaka mawu kusasa. Nasibeko ankangovomera ndi mutu, maso ali owuma.

Likongwe anazimva zonsezi ali pabenchi panja, ndipo zinamuwawa kwambiri. Dzuwa litakwera, bokosi litatulutsidwa pabwalo, anapita kwa woyendetsa mwambo kukapempha kuti amutsanzike mnzake ndi nyimbo imodzi. Akulu a mpingo anayang'anana, poti nyimbo za m'mahotela sizibwera pamaliro. Koma anaona imvi zake, anakumbukanso amene wagona m'bokosimo, ndipo anamulola.

Pamalirowo panali mkulu wina wa bandi ina, nayenso wodziwa lipenga, munthu wabwino mtima. Nyimboyo ankaidziwa. Anathamangira m'nyumba n'kutulutsa lipenga la malemu.

"Achimwene, nyimboyi ndi ya anthu awiri," anatero. "Mukaimba nokha ikhala yamabowomabowo. Lekani ndiimire malemu, ikwane bwino."

Likongwe anamugwira mkono n'kuutsitsa. "Ayi achimwene. Malo amenewo ali ndi mwini wake."

Anakhala pampando ndi gitala yake yakale, yosupuka pamene pamakhala mkono, yopanda magetsi, yopanda zokuzira mawu. Anaimba chigawo choyamba, funso lija: mawu ochepa, otsika, omalizira pa nsambo yokankhidwira m'mwamba. Ndiye analeka. Dzanja linaima m'malere. Phazi lokha ndi limene linapitiriza kugunda pansi, kusunga nthawi imene lipenga likanayankha. Palibe chinayankha.

Anthu ena anayesa kuti Likongwe waiwala nyimbo. Paja ife bata limatiyabwa. Wina anatsokomola, wina anasuntha benchi, mtsogoleri wa kwaya anakweza dzanja kuti ayambitse nyimbo, amupulumutse kumanyazi. Likongwe sanatekeseke. Nthawi ya yankho itatha, analowanso ndendende pamalo pake, nafunsanso, mokweza pang'ono, nsamboyo ikunjenjemera pansi pa chala. Nalekanso.

Kunena zoona, kulimba mtima kotere sindinakuonepo mwa woimba wina aliyense. Kuthamangitsa zala n'kosavuta kwa amene anazolowera. Likongwe akanafuna akanaimba funso ndi yankho lomwe pa gitala imodzi, ife n'kumadabwa luso lake; ankatha zimenezo. Koma kukhala chete pamaso pa khamu, luso lili m'manja, anthu akukuyesa wolephera, kumafuna munthu wodziwa chimene akuchita.

Nasibeko anali ataimva nyimboyo kambirimbiri ali kuseri kwa nyumba. Khutu lake linkadziwa pamene mwamuna wake ankakokera mpweya ndi pamene ankalowera. Gitala italeka koyamba, anadzutsa mutu. Italekanso, anatembenukira kukhonde, kumene kunali nsapato za anthu zokhazokha. Likongwe anafunsanso, motsitsa tsopano, ngati wopempha. Mayiyo anayamba kung'ung'uza yankho lija iye mwini, poti sakanatha kupirira kulimva likusowa. Sanalimalize. Pakati pake mawu anasweka, ndipo panatuluka kulira kumene sindifuna kudzakumvanso.

"Mwamuna wanga ine! Mwamusiya mnzanu akufunsa yekha! Nanga ine ndiziyankhula ndi yani? Mayo ine, ndi yani?"

Anadzigwetsa pabokosi, duku n'kugwera uko. Likongwe sanasiye, sanakwezenso. Anatsitsa gitala, n'kumaiyendetsa pansi pa kulira kwa mayiyo pang'onopang'ono, misozi yake nayenso ikudontha pathabwa. Amuna amene anakhala ngati miyala kuyambira dzulo lake anaphimba nkhope ndi zipewa.

Mchemwali wa malemu uja anaimirira. Anadutsa pakati pa anthu mpaka pabokosi, ndipo ena anagwira mtima, osadziwa kuti lilime lija litulutsanso chiyani. Anagwada. Anamasula chitenje chake chapamwamba, namufunditsa mlamu wake, namukumbatira.

"Pepani alamu," anatero. "Ndinakuchimwirani. Lirani, tilire tonse."

Za kulongedza zovala palibe anazitchulanso, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Tsono inu amene mumatumidwa kukapepesa anzathu ofedwa, mverani. Chisoni cha munthu musamachiyeze ndi misozi. Pali ena chimawamanga pakhosi, ndipo amenewo ndiwo ali pamoto weniweni. Komanso musamathamangire kuimira amene wapita. Timalowa m'nyumba ya maliro titanyamula mavesi, malangizo ndi nkhani za maliro athu akale, n'kumatseka bowo lililonse, chifukwa ife ndi amene bata latiopsa. Maliro n'kulirana, inde, koma wofedwa sangalire ngati simumupatsa mpata woti amve kuti munthu wake palibedi. Sabata ino mukalowa m'nyumba yotere, khalani pansi pambali pake. Nenani mawu anu ochepawo, kenako tsekani pakamwa mudikire, ngakhale kudikirako kukuwaweni. Musachokepo msanga.