Gwedeza Adwazika Mdani Wake

Kalekale, mapiri asanazolowere malo awo, kunali mtundu wa zimphona zotchedwa Aoloki. Anthu si anthu, nyama si nyama. Khungu lawo linali lobiriwira ngati ndere, mano a m'munsi atatuluka ngati a njiri. Ndipo nkhondo ankaikonda momwe iwe umakondera nzimbe.

Mulungu wawo anali Mwinimikondo. Ankati kuseri kwa mitambo ali ndi mudzi wake, dzina lake Bwalo Lofiira. Kumeneko ankhondo onse amene anamwalira amakumananso, n'kumadya nyama yosatha.

Koma kulowa m'Bwalomo sanali masewera. Mwana akangomera mano, wansembe ankathyola fupa pakati. Chibenthu china ankaveka mwana wa Aoloki a kuphiri, china mwana wa Aoloki a kudambo. Basi, awiriwo ndi adani mpaka imfa. Mmodzi ayenera kupha mnzake ndi mkondo, onse awiri ali chilili. Wophedwayo amalowa m'Bwalo tsiku lomwelo, wophayo n'kudzamutsatira nthawi yake ikakwana. Koma mdani wako akafera pamphasa, kaya ndi chifuwa kaya ndi m'mimba, chipata chimatsekeka kwa nonse. Nonse mudzasanduka anankafumbwe, kumangoboola chimanga m'nkhokwe za eni.

Usandifunse chifukwa chake. Lamulolo sindinaike ndine.

Tsono kuphiri kunali wankhondo wina dzina lake Gwedeza. Mdani wake anali Dzikuthe wa kudambo. Chaka chilichonse, anthu akakolola, awiriwa ankakumana padooko la mtsinje n'kumenyana mpaka dzuwa kupendeka. Chaka chino, chaka chamawa, chaka chinacho, mpaka zaka makumi atatu. Gwedeza anatayapo khutu. Dzikuthe anatayapo zala ziwiri. Koma wofa panalibe.

Gwedeza ankalifuna Bwalolo ndi mtima wonse, chifukwa mkazi wake Nankhwazi anali atatsogola kale kumeneko. Ankamusowa kwambiri, ngakhale kuti Moloki sanena zotere pagulu.

Chaka china Gwedeza anafika padooko, koma Dzikuthe kunalibe. Anadikira tsiku loyamba, zii. Lachiwiri, zii. Lachitatu ananyamula mkondo n'kuwoloka, ulendo wa kudambo.

Anamupeza ali gone pamphasa m'kanyumba kodontha, nthiti zili pamtunda, akutsokomola. Abale ake anali atamuthawa, pakuti kwa Aoloki kudwala ndi manyazi.

Gwedeza anakweza mkondo, kenako anakumbukira lamulo.

"Dzuka ndikuphe!" anatero.

"Ndikanatha kudzuka bwenzi ndili kudooko, chitsiru iwe," anayankha Dzikuthe.

Gwedeza anasowa mtengo wogwira. Anathamangira kwa wansembe wawo, mayi Nyaphulusa, amene ankasunga malamulo onse m'mutu.

"Mayi, mdani wanga wadwala. Ndimubaye ali gone?"

"Ayi. Limenelo ndi tchimo."

"Ndimusiye afe yekha?"

"Udzakhala nankafumbwe."

"Nanga nditani, mayi?"

Nyaphulusa anakanda m'mutu nthawi yaitali. "Kamuchize."

"Ndichize mdani?"

"Eya, kuti umuphe."

"Ndiye kuti ndimupulumutse kuti afe?"

"Wamva bwino. Pita."

Gwedeza anatuluka mutu utaima. Panjira anabwereza mawuwo katatu, koma sanawongoke.

Anabwerera kudambo. Anafolera denga. Anatunga madzi. Anakumba mizu yowawa kuthengo. Anaphika phala, loyamba linapserera, lachiwiri linali la mibulu, lachitatu linadyeka. Tangoganiza, chimphona chimene chinkathyola mitengo ndi manja, lero chikuuzira phala pa chipande!

Anamudzutsa mutu Dzikuthe, namumwetsa.

"Idya, uchire, ndikuphe."

"Mchere mulibe," anatero Dzikuthe.

M'mawa mwake chimodzimodzi. "Idya, uchire, ndikuphe."

"Lero wachulutsa mchere. Ukufuna undiphe ndi phala?"

Mwezi unatha, wina n'kutha. Poti panalibe wina wocheza naye, anayamba kukamba za nkhondo zawo. Dzikuthe ankakumbukira zonse: chaka chimene Gwedeza anaterereka m'matope, chaka chimene njuchi zinawabalalitsa onse awiri, chaka chimene Gwedeza anabwera maso ali ofiira mkazi wake atangophedwa kumene.

"Chaka chimenecho ndikanakupha mosavuta," anatero Dzikuthe. "Unkagwira mkondo ngati mpini wa khasu."

"Nanga unalekeranji?"

"Kaya. Ndinangoona kuti si chaka chake."

Kuphiri konse kunalibe amene ankamudziwa Gwedeza chonchi.

Tsiku lina masana, mphiri inakwawira pamphasa ya wodwalayo. Gwedeza anailumphira n'kuiphwanya mutu ndi chibakera. Anatuluka panja n'kudzifunsa: "Kodi ndaopa kutaya Bwalo, kapena ndaopa kutaya uyuyu?" Anafunsa mtima, mtima sunayankhe. Anakwiya n'kukawaza nkhuni zambiri zosafunika.

Mvula inabwera, mvula inapita. Dzikuthe sanachire. Chifuwa chinakula, ndipo tsopano ankalavula magazi.

M'mawa wina Gwedeza akuchokera kuchitsime, mtsuko uli pamutu, anaona zodabwitsa. Dzikuthe anali panja, ali chilili, atadzola phulusa la nkhondo kumaso, mkondo uli m'manja.

"Ndachira," anatero Dzikuthe. "Tula mtsukowo, tenga mkondo."

Gwedeza anamuyang'ana bwinobwino. Mawondo anali kugwedera. Mkondowo sanaugwire ngati womenya nkhondo, anautsamira ngati ndodo.

"Ukunama iwe. Sunachire."

"Lamulo silinena za kuchira, limati chilili. Si ndaima apa? Fulumira, miyendo iyi yatsala pang'ono kundikana. Mkazi wako akukudikira."

Gwedeza anatula mtsuko. Anatenga mkondo. Anaukweza. Chifuwa cha mdani chinali poyera, chimene anachisakasaka zaka makumi atatu. Kubaya kamodzi kokha, chipata chitseguke, adzamuonenso Nankhwazi.

"Baya!" anakuwa Dzikuthe.

Mkono unakana.

"Baya, Gwedeza, ndikugwa!"

Mawondo a Dzikuthe anapindika. Anayamba kugwa chafufumimba. Nthawi yobaya inali yomweyo, ina kunalibe. Gwedeza anaponya mkondo pambali n'kumuwakha ndi manja awiri.

"Chitsiru iwe," ananong'ona Dzikuthe. "Watitayitsa tonse."

"Ndikudziwa."

"Usandisiye."

Sanamusiye. Dzikuthe anatsirizika pomwepo, mutu uli paphewa la mdani wake, mapazi akadali pansi.

Nyaphulusa atamva anabwera, Aoloki a kuphiri ndi a kudambo ali pambuyo pake. Anamupeza Gwedeza akadaimabe, mtembo uli m'manja.

"Wafera pamphasa?" anafunsa wansembeyo.

"Ayi, mayi."

"Wafa ndi mkondo?"

"Ayi."

"Anali chilili?"

"Anali chilili, koma womuimika ndinali ine."

Nyaphulusa anakhala pansi. Anatchula malamulo onse kuyambira loyamba mpaka lomaliza, n'kubwerezanso chobwerera m'mbuyo. Akuphiri ankati chipata chatsekeka. Akudambo ankati ayi, munthu wafa ataima. Ena ankati alowa mmodzi, koma osadziwa uti. Phokoso linali ngati la pamsika.

"Mayi," anatero Gwedeza, "ingondiuzani chimodzi. Mkazi wanga ndidzamuona?"

Wansembeyo anayang'ana pansi. "Sindikudziwa, mwanawe. Chiyambire, palibe anachitapo zimene wachitazi."

Gwedeza anakumba manda yekha. Anamuika Dzikuthe yekha. Atakwirira, anakhala pamtumbirapo n'kuyamba kulira mokweza, chinthu chimene Moloki sanachitepo masana anthu akuona.

Mkulu wina anamuyandikira. "Ukulira Bwalo lomwe wataya?"

"Kaya."

"Ukulira mkazi wako?"

"Kaya."

"Nanga ukulira chiyani?"

Gwedeza anadziguguda pachifuwa. "Munthu uyu ndinkadana naye ine. Moyo wanga wonse ndinkadana naye. Ndiye tandiuzani, akulu, mawa phala ndiphikira yani?"



Kaya Gwedeza analowa m'Bwalo Lofiira, kaya sanalowe, ine sindinapiteko, sindingakunamize. Chimene ndikudziwa n'chakuti chidani chimafuna mtunda. Ukafuna kudana ndi munthu mpaka kalekale, usayandikire mphasa yake, chifukwa dzanja limene lamumwetsa phala silidzatha kumubaya.

Ine ndalekeza pano. Nthano yanga yathera pomwepo.