Moto wa a Kuwabara

Mumsewu wathu wa timafakitale ku Higashi-Osaka, aliyense ankadziwa kuti TV ikachita khungu, sing'anga wake ndi a Kuwabara. Ankadula khosi la chubu chagalasi cha m'kati mwa TV, kulumikiza latsopano pamoto wa gasi, kupopa mpweya wonse, chithunzi n'kubwerera mwakale. Ntchitoyi anachita kusiyiridwa ndi bambo awo.

Koma mkuluyu anali wouma mutu. Mwana wawo wamkazi, Sumie, ankatsuka machubu, kulongedza ndi kuyankha foni. Ikakwana nthawi yoyatsa moto, ankamutulutsa n'kutseka chitseko.

"Bambo, ndingoonerako chabe."

"Uonere chiyani? Mawa ukwatiwa, luso langa ukadyetse nalo eni ake. Izi ndi za Noboru."

Noboruyo, mwana wawo wamwamuna, ankagulitsa inshuwalansi ku Tokyo. Ankabwera pa Chaka Chatsopano pokha, kudya timakeke tampunga totchedwa mochi, kulonjeza kuti "chaka chamawa ndibwereratu," n'kukwera sitima. Zaka makumi awiri ndi zisanu zinatha choncho, ndipo Sumie sanakwatiwe n'komwe.

Atabwera ma TV opyapyala, anzawo onse anatseka, a Kuwabara n'kutsala okha. Apo mpamene eni nyumba za masewera akale apakanema, atasowa kwina kopita, anabweretsa machubu odzaza lole. Tsoka ilo, manja a mkuluyu anali atayamba kunjenjemera. Chubu choyamba chinang'aluka pamoto. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu chitasweka, anaitana.

"Sumie, tabwera ndikuonetse kagwiridwe kake."

Sumie sanasiye n'komwe tsache.

"Lero ndiye ndasanduka mwana wanu? Maso anga anathera pa magalasi anuwa, Bambo. Ngakhale bowo la singano sindiliona. Muimbireni mwini luso."

Anamuimbiradi, ndipo ulendo uno Noboru anabwera msanga, ali mu suti, limodzi ndi anthu awiri onyamula tepi yoyezera.

"Bambo, zagalasizi zinapita ndi nthawi yake. Pano pakhoza kuimikidwa magalimoto asanu ndi atatu."

Lole ija inabwerera ndi machubu ake osakonzedwa. Ng'anjo ndi mapampu zinapita kwa ogula zitsulo. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbuka a Kuwabara ataima pamsewu, pomwe Sumie ankatseka chitseko chachitsulo cha fakitale komaliza osawayang'ana. Luso la mibadwo iwiri linafera m'manja mwa munthu amene anali ndi wolilandira m'nyumba momwemo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.