Nungu ya a Jailos

Laison anali mkamwini wosadandaulitsa m'mudzi wina kufupi ndi Namitete. Khasu ankaligwira, mowa sankaulawa, kutchalitchi sankajomba. Nthenda yake inali imodzi: mbiri ya agogo ake, a Jailos. Kuchigayo, kumaliro, ngakhale posankha fodya m'chigafa, ankaibwereza kuti a Jailos ankaweta nungu, ndipo akaimba likhweru inkatuluka n'kuwatsata kudimba ngati galu. Iye agogo akewo sanawaone, poti anamwalira asanabadwe.

Atatha kukolola, tsiku lina anabwera kuchokera kumsika wa Msundwe ndi kamwana ka nungu m'katoni, atagula kwa mlenje.

Mkazi wake Bertha anasuzumira m'katonimo n'kubwerera m'mbuyo. "Bambo a Joel, anzanu akugula nkhunda, inu mwagula minga?"

"Ndi zakumtundu izi, mayi. Magazi a Jailos ali mwa ine."

"Ndiye pitani kaye ku Kabudula mukafunse azakhali anu a Tabita. Si mwana wawo wa a Jailos? Akakuuzeni mmene ankaisungira."

"Ndikafunse chiyani? Nkhaniyi ndikuidziwa ngati Pemphero la Ambuye."

Kanunguko kanakula ndi mbatata ndi madeya. Agalu atayamba kukalondalonda, Laison anakasamutsira m'kanyumba kosungiramo katundu. M'menemo munali matumba atatu a mbewu ya mtedza, awiri a Bertha, limodzi la amayi ake. Mbewu imeneyi anaisankha njere imodziimodzi, ndipo banja lonse linkayang'ana pamenepo. Bertha atadandaula, Laison anati matumba ali pathandala, nungu sikwera.

Mvula yobzalira inagwa masiku awiri osakata. Itakata m'mawa, Bertha anatsekula kanyumba kaja kuti atenge mbewu. Miyendo ya thandala inali itatafunidwa, matumba ali pansi. Kumbuyo kwa matumbawo kunali kong'ambika kalekale, theka la mtedza litasanduka makoko. Wotsalawo unali m'matope, chifukwa nungu inakumba una pansi pa khoma, madzi n'kulowera pomwepo. Mwini unawo anali atapita. Laison anazungulira mudzi akuimba likhweru mpaka milomo kuuma, koma kunabwera agalu okha.

Apongozi ake, monga mwa ulemu wa pachipongozi, sanamuyang'ane kumaso. Anaima kuseri kwa nkhokwe n'kukweza mawu: "Bertha, tawafunsa alendowa, kodi kwawo minga imabzalidwa?"

Tsiku lomwelo Laison anapalasa njinga wa ku Kabudula, osati kukafunsa mbiri ayi, koma kukapempha mbewu. A Tabita anamvetsera mpaka kumapeto, akusenda chinangwa.

"Nungu inalipodi," anatero. "Koma bambo ankaisunga m'dzenje lowaka ndi miyala, kutali ndi nkhokwe. Ndiye inatulukabe, n'kumaliza dimba lonse la mbatata la apongozi awo. Iwe ukuganiza kuti ku Nambuma anachokako bwanji, mphasa ili paphewa? Ukwati wawo woyamba unathera pamenepo. Amuna a pabanja pathu mumangokamba za likhweru."

"Nanga bwanji simunandiuze, azakhali?"

"Unandifunsa?"

Anamupatsa ndowa imodzi ya mtedza, yomwe akanatha. Inangokwana mizere ya m'mphepete mwa munda wa apongozi. Munda wa Bertha chaka chimenecho unamera chisoso, anzawo akupalira mtedza mbali zonse. Ukwati sunathe, koma kiyi wa kanyumba kaja mpaka lero amakhala pa nsonga ya chitenje cha Bertha.

Laison sananame, ndipo amene anamuuza mbiriyo sananame. Anangolandira mbali yokoma, mwini mbali inayo ali moyo, ulendo wa theka la tsiku panjinga. N'chifukwa chake akuluakulu anati safunsa anadya phula.